Dzulo usiku imagwira bwinobwino

Kompyuta imamva. Mungakane, koma kafunseni aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa holo yodzaza ndi akatswiri olemba mapulogalamu, natsegula laputopu, n'kutchula mawu oopsa aja akuti, "Tsopano ndikuonetseni mmene zimayendera." Mwezi wonse munthuyo akuyeserera kuchipinda kwake, makinawo amakhala ofatsa, omvera, osaonetsa mawanga. Amadikira tsiku la msonkhano, anthu ali phee, kuti abweze zonse zimene mwini wakeyo anawalakwira chiwagulireni.

Sasankhanso nkhope. Mu Epulo 1998 ku Chicago, pa chionetsero cha COMDEX, Bill Gates anaima pambali pa wantchito wake, Chris Capossela, amene ankaonetsa anthu nzeru za Windows 98: ukangolumikiza chipangizo chatsopano, imachizindikira yokha. Capossela analumikiza sikana. Sikirini yonse inangoti buluu, makina gwa, ndipo holo inafa ndi phwete, ena mpaka kuwomba m'manja. Gates, akumwetulira mwa manyazi, anati mwina n'chifukwa chake sanayambe kuigulitsa. Mnyamatayo sanachotsedwe ntchito. Patapita zaka 16 anadzakhala mkulu wa zotsatsa malonda pa kampani yonseyo, ndipo m'pomveka, chifukwa munthu amene wapirira zoterezi bwana wake ali pomwepo, china chingamuopsenso n'chiyani?

Steve Jobs zinamuonekera mu Juni 2010 ku San Francisco, akuonetsa iPhone 4. Anafuna kutsegula tsamba la nyuzipepala ya New York Times, foni n'kukana. Atafufuza anabwerera kudzauza anthu kuti m'holomo muli timakina 570 tofalitsa Wi-Fi, tonse tikulimbirana mphepo imodzi, choncho aliyense azimitse zake ndipo malaputopu aikidwe pansi. Mkulu wa kampani yopanga zipangizo za intaneti anaima pamenepo kuchonderera makasitomala ake kuti achoke pa intaneti.

Awatu ndi akuluakulu, okhala ndi anyamata ambirimbiri kuseri kwa katani. Tsono taganizani za mphunzitsi wamba amene wapatsidwa kachipinda kapamwamba ndi maola atatu kuti aphunzitse chinenero cha makompyuta chotchedwa Python. M'kalata yoitanira anthu analemba momveka kuti aliyense abwere ataikiratu Python pa laputopu yake. Alowa anthu 40. Amene anawerenga kalatayo ndi awiri, ndipo mmodzi mwa awiriwo waiwala chaja kuhotela. Ola loyamba limathera pa pasiwedi ya Wi-Fi, imene yalembedwa pabolodi ndi dzanja la munthu wothamanga, moti palibe akudziwa ngati chozungulira chapakati chija ndi ziro kapena chilembo.

Python 3 inatuluka mu Disembala 2008, koma Python 2 inakana kufa mpaka pa 1 Januwale 2020. Zaka 11 zonsezo mphunzitsi aliyense ankakhala ndi mafuko awiri m'kalasi imodzi, osadziwa kuti ndani ndi wa fuko liti. Akauza kompyuta kuti ilembe moni, iye osaika mabulaketi, a fuko lakale ankalandira moni wawo, a fuko latsopano n'kulandira chidzudzulo. Akaika mabulaketi mtendere unkabwerera kwa mphindi zisanu. Kenako amati, tiyeni tigawe 7 ndi 2. Theka la kalasi likupeza 3, theka lina 3.5, ndipo onse akhoza.

Ndiye pamakhala bambo wina wa kumbuyo amene khodi yake ikufanana ndi ya aphunzitsi chilembo ndi chilembo, koma ikukana. Mphunzitsi apita kukaona. Awerenga mzere ndi mzere, chala chili pasikirini. Oyandikana nawo awiri aunjirira, wina wavula magalasi, wawapukuta ndi tisheti yaulere ya pa msonkhano, wawavalanso. Zonse zili m'malo. Python imawerenga ngakhale mipata ya kumayambiriro kwa mzere, ndipo bamboyu mizere ina anaikankha ndi mipata inayi, umodzi wokha anaukankha ndi batani la Tab. Ndi maso sungasiyanitse. Anthu anayi ophunzira bwino atha mphindi 20 akusakasaka chinthu chimene sichioneka, ndipo atachipeza bamboyo akuti, "Ndimadziwa ine kuti ndi pamenepo."

Nthawi yonseyi wina wa kukhomo akukuwa kuti, "Sitikuona! Kulitsani zilembo!" Zikakula, mzere umodzi ukudzaza khoma lonse. Ndipo nthawi imeneyo, zilembo zili zazikulu choncho, m'pamene uthenga wa akunyumba umatulukira pakona ya sikirini, poti mphunzitsi waiwala kuzimitsa WhatsApp: "Pobwera musaiwale mafuta ophikira." Akuti wina zitamuchitikira anangopitiriza ngati sanaone. Pomaliza anafunsa ngati pali funso. Dzanja loyamba linali la mayi wina wa kutsogolo. "Zikomo aphunzitsi, taphunzira zambiri. Ine ndimangofuna ndikukumbutseni za mafuta aja."

Za Vim ndiye zimamvetsa chisoni. Ndi pulogalamu yolembera khodi imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991. Kulowamo n'kosavuta, nthawi zina umangopezeka uli m'kati osafuna, pulogalamu ina yotchedwa Git itakutsegulira kuti ulembe kauthenga. Nkhani ndi kutuluka. Batani lililonse limene ukudina likuchita zake, mwina kufufuta mzere, mwina kulira. Mu 2017 a webusaiti ya mafunso ndi mayankho ya Stack Overflow analengeza kuti funso la mmene munthu angatulukire mu Vim lawerengedwa koposa ka 1 miliyoni. Yankho lake ndi lalifupi: dinani Esc, lembani :q! kenako Enter. Koma kumbukirani zimenezo anthu 200 akukuyang'anani. Wolankhula wina atakodwa, holo yonse inayamba kukuwa malangizo, aliyense ake, ena akutsutsana okhaokha, mpaka iye anagwira batani lozimitsira laputopu n'kulipanikiza kufikira sikirini itada. "Iyinso ndi njira," anatero, akupukuta thukuta. Moolenaar, amene anamwalira mu 2023, anaika pakhomo pa Vim uthenga wopempha anthu kuti athandize ana ovutika a ku Uganda. Anali munthu wanzeru. Anadziwa kuti olowa mmenemo akhalitsa, apeza nthawi yowerenga.

Ophunzitsa JavaScript savutika kufuna nthabwala, chinenerocho chimabwera nazo chokha. Brendan Eich anachiumba m'masiku 10 mu 1995 ali ku Netscape, ndipo zina zimene zinasokedwa mothamanga nthawi imeneyo zikadalipo, chifukwa kuzikonza lero kungagwetse mawebusaiti osawerengeka. Mu Januwale 2012, pa msonkhano wa CodeMash ku Ohio, Gary Bernhardt analankhula kwa mphindi ngati zinayi zokha, pa mutu wakuti Wat. Sanaphunzitse chilichonse. Ankangolemba timizere tatifupi ta Ruby ndi JavaScript, n'kuonetsa mayankho opanda mutu amene kompyuta ikupereka, anthu n'kumagubuduka. Mpaka lero kankhani kameneko kamaonedwa kuposa maphunziro ambiri a tsiku lathunthu.

Chitsanzo chimene aphunzitsi amachikonda ndi ichi. Mukalemba 11 ngati mawu osati ngati nambala, n'kuphatikiza 1, JavaScript imangomata ziwirizo n'kukupatsani 111. Mukachotsera 1, imakumbukira mwadzidzidzi kuti inapita kusukulu, n'kukupatsani 10. Mnyamata wina atamva izi anakweza dzanja mofulumira. "Pepani aphunzitsi, kodi a kubanki amagwiritsa ntchito chinenero chimenechi? Mu akaunti mwanga muli K11,000. Ndikufuna ndikaikemo K1 yokha."

Anamugwiritsa mwala. Mabanki ambiri akuluakulu padziko lino ndalama amawerengerabe mu COBOL, chinenero cha mu 1959, chimene pa misonkhano chilibe tebulo, chilibe sitika, chilibe tisheti. Chaka ndi chaka achinyamata amakwera ndege kukamva za chinenero chatsopano chimene akuti chipha zakale zonse. Ndiye kunabwera Epulo 2020. Mliri wa COVID-19 utachotsa anthu ambiri pantchito, makina a boma la New Jersey olembetsera thandizo la osowa ntchito analemedwa, ndipo bwanamkubwa Phil Murphy anaima pamaso pa atolankhani kupempha anthu odziwa COBOL kuti adzathandize. Agogo amene anapuma kalekale, amene zidzukulu zinkawaseka kuti sadziwa kutumiza chithunzi pafoni, anayamba kufunidwa ndi boma.

Mmodzi mwa anthu amene nzeru zawo zinabala COBOL ndi Grace Hopper, ndipo kwa ine palibe mphunzitsi wa pa msonkhano amene anamuposa. Akuluakulu a asilikali ankamufunsa chifukwa chimene uthenga wodzera pa setilaiti umachedwera. Iye m'malo mojambula matchati ankatulutsa m'chikwama timawaya todulidwa, kalikonse kotalika masentimita pafupifupi 30, n'kugawira anthu. Umenewo ndiwo mtunda umene kuwala kumayenda pa nanosekondi imodzi, kagawo kamodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Ndiye ankawauza kuti awerenge okha kuti pakati pa iwo ndi setilaiti pangalowe timawaya tingati. Kenako ankanyamula mkukuluzi wa waya wa mamita pafupifupi 300, womwe ndi maikulosekondi imodzi, n'kunena kuti wolemba mapulogalamu aliyense ayenera kuukoloweka pamwamba pa desiki yake, kapena m'khosi momwe, kuti azidziwa chimene akutaya akamawononga nthawi ya makina. Mayiyu anapuma ntchito ya usilikali wa pamadzi mu 1986 ali ndi zaka 79. Waya wake sunafunepo pasiwedi, ndipo sunakanepo kugwira ntchito pamaso pa anthu.

Tsopano tibwere kwa a agile, ophunzitsa njira yoyendetsera ntchito yopanga mapulogalamu, amene ali ndi chipinda chachikulu kuposa onse pa msonkhano uliwonse, komanso mapepala omata amitundumitundu.

Nkhani yawo inayamba mu Febuluwale 2001, pamene amuna 17, kuphatikizapo Kent Beck, Martin Fowler, Ken Schwaber, Jeff Sutherland, Ron Jeffries ndi Dave Thomas, anakumana masiku atatu ku Snowbird, malo osewerera pa chipale m'mapiri a Utah. Musadabwe ndi malowo, nafenso wokishopu yokambirana za njala timakachitira kunyanja ku Mangochi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anabwerako ndi chikalata cha mawu osakwana 100. Anali atatopa ndi ntchito zimene anthu amatha chaka akulemba mabuku a mapulani, pulogalamu yeniyeni osaoneka. Choncho anagwirizana kuti anthu ndi kukambirana kwawo n'zofunika kuposa malamulo ndi zida, pulogalamu yoyenda iposa mulu wa zikalata, kugwira ntchito limodzi ndi kasitomala kuposa kukangana za kontirakiti, ndipo zinthu zikasintha, nawenso sintha m'malo mokakamira pulani.

Kachikalata kodana ndi zikalata kameneka kabala mabuku odzaza mashelefu, misonkhano ya chaka ndi chaka, ndi masatifiketi. Munthu amalowa m'kalasi Lolemba m'mawa asanalembepo mzere ndi umodzi womwe wa khodi, pofika Lachiwiri madzulo watsala ndi kamayeso kokha kuti atchedwe Scrum Master, katswiri wa mtundu wa agile wotchedwa Scrum. Palinso mtundu wina wa agile, wa makampani akuluakulu, wotchedwa SAFe, umene chithunzi chake chofotokozera chili ndi mabokosi, mivi ndi tianthu tambirimbiri, moti wolankhula akachionetsa amayamba ndi kupepesa kuti a kumbuyo sangathe kuwerenga. A kutsogolo nawonso sangathe, koma amagwedeza mitu.

Eni kachikalata kaja anaona zimenezi. Mu 2014 Dave Thomas analemba kuti agile yafa, yaphedwa ndi ogulitsa, ndipo chaka chotsatira anaitanidwa ku msonkhano wa GOTO kukafotokoza za imfayo, anthu atalipira matikiti kudzamvera. Mu 2018 Martin Fowler anakadandaula za malonda omwewa ku Melbourne, pa msonkhano wotchedwa Agile Australia. Chaka chomwecho Ron Jeffries analangiza olemba mapulogalamu kuti angoisiya. Maliro alengezedwa kangapo konse, koma malemuwo akupitiriza kusindikiza masatifiketi.

Zokoma zimayamba bwana akabwerako ku msonkhano wotere. Pa kampani ina, imene sindiitchula, bwana anafika Lolemba ndi chikwama cha msonkhano paphewa n'kulengeza kuti kuyambira lero m'mawa uliwonse kuzikhala msonkhano woimirira. Lamulo la Scrum ndi mphindi 15, ndipo anthu amaimirira dala kuti miyendo ikatopa pakamwa patseke. Tsiku loyamba anatsegula ndi pemphero. Kenako bwana anathokoza onse chifukwa chobwera, ngakhale kuti onsewo amagwira ntchito m'chipinda chomwecho. Kenako anafotokoza za ulendo wake, za hotela, za chakudya cha m'ndege. Itakwana mphindi 40 anaitanitsa mpando, wake yekha. Pomaliza anafika pa mafunso atatu aja: dzulo unachita chiyani, lero uchita chiyani, chikukutchinga n'chiyani. Patatha sabata ziwiri funso linagwera mnyamata wina wofatsa wa pakona.

"Dzulo ndinali pa msonkhano, bwana. Lero ndili pa msonkhano."

"Nanga chikukutchinga?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Palibe, bwana."

Kale a Scrum ankaphunzitsa ndi nthano ya nkhuku ndi nkhumba zimene zinafuna kutsegula lesitilanti yogulitsa mazira ndi nyama ya nkhumba. Nkhumba inakana, poti nkhuku ingopereka mazira pamene iyo ipereka thupi. Tanthauzo lake linali lakuti pa msonkhano woimirira azilankhula ndi nkhumba zokha, kutanthauza ogwira ntchito yeniyeni, pamene nkhuku, mabwana, zizingomvera. Mu 2011 nthanoyi inachotsedwa m'buku la malamulo a Scrum. Ine ndimaganiza kuti alipo mphunzitsi wina amene anayesa kuuza wosainira cheke chake kuti ndi nkhuku.

Ndiye pali masewera a makhadi, amene James Grenning anawayambitsa mu 2002 poyeza kukula kwa ntchito. Aliyense amagwira makhadi a 1, 2, 3, 5, 8, 13 ndi kupitirira, ndipo onse amatembenuza nthawi imodzi, cholinga chake wamng'ono asaonere kwa wamkulu. Manambalawa si masiku, si maola, ndi mapointi ongoyerekezera kulemera kwa ntchito ina ndi inzake. Pa kampani ija onse anatembenuza nthawi imodzi ndithu, kupatula kuti aliyense anachedwako pang'ono, mpata wokwanira kuona khadi la bwana. Bwana 5, onse 5. Mtsikana wina watsopano, amene anali asanaphunzire khalidwe, anaonetsa 13.

"Chemwali, 13 ndi masiku angati?"

"Si masiku, bwana, ndi mapointi."

"Ndamva. Nanga pointi imodzi ndi masiku angati?"

"Sizimayenda choncho, bwana."

"Chabwino. Ndiye tinene Lachisanu."

Ron Jeffries yemwe uja analemba mu 2019 kuti mwina ndi iye amene anayambitsa mapointi amenewa, ndipo ngati ndi choncho akupepesa.

Kulemba khodi awiriawiri kunatchuka ndi Kent Beck ndi anzake, amene kuyambira mu 1996 ankakonza pulogalamu ya malipiro a antchito ku Chrysler. Mmodzi amagwira kiyibodi, mnzake akuyang'ana ndi kuganizira za kutsogolo, kenako amasinthana. Zolakwika zambiri zimagwidwa zisanapite patali. Wowerengera ndalama wa pa kampani ija atadutsa n'kuona anthu asanu ndi mmodzi pa makompyuta atatu, sananene kanthu. Masana kunabwera kalata yopempha kuti malaputopu atatu osagwira ntchitowo abwezedwe kusitolo, ndi funso laulemu lofuna kudziwa ngati malipiro azigawidwanso pawiri.

Koma chimene chinagwira ntchito koposa pa kampaniyo ndi bolodi. Anagawa khoma patatu ndi tepi: Zodikira, Zili m'kati, Zatha. Ntchito iliyonse inalembedwa pa kapepala komata, kachikasu kapena kapinki, ndipo kankasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja ntchito ikamayenda. Kunena zoona, sikankasuntha kwenikweni. Mbali ya Zili m'kati inadzaza mpaka timapepala tina kumatidwa pamwamba pa tinzake, pamene mbali ya Zatha inali ndi kamodzi kokha, kolembedwa kuti "Kugula timapepala tomata."

Kunabwera kutentha kwa mu Okutobala. Guluu wa timapepala tija anafooka, ndipo usiku wina tonse tinayoyokera pansi. M'mamawa amayi osesa anapeza pansi pali mbwee. Poti ndi munthu wosamala zinthu za eni, sanataye ngakhale kamodzi. Anatola tonse, n'kuyang'ana pakhoma pamene panali malo ambiri, n'kumata bwinobwino m'mizere yowongoka, ndi selotepi kuti tisagwenso.

Bwana anafika 8 koloko, anaima kutsogolo kwa khoma, anavula magalasi. Asanalankhule ndi aliyense anajambula chithunzi n'kutumiza kwa akuluakulu a kampani, ndi uthenga wakuti ndalama za ulendo uja sizinapite pachabe. Anyamata analowa mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana khoma, kenako mnzake, kenako pansi. Palibe anatsegula pakamwa. Lachisanu, pa msonkhano wounikira mmene sabata ziwirizo zayendera, bwana anafunsa kuti n'chiyani chimene gulu lachita mosiyana ulendo uno, kuti lipitirize. Kunali zii. Kenako mnyamata wofatsa wa pakona uja anakweza dzanja.

"Bwana, ine ndikupempha kuti amayi aja asamapite ku tchuthi."